Ndinkagulitsa Ngati Ndikugawa Kukampu

Abale ndi alongo, mwaswera bwanji nonse? Amene mwakhala kumbuyoko musavutike kusendera, mawu ndili nawo okwanira.

Dzina langa ndine Felizarda, koma kuno ku Milange ambiri amangonditchula kuti mayi a Luwiza. Ndimagulitsa mu loja, kapena kuti sitolo, ya kooperativa yathu, ija ili kuseri kwa msika. Andipempha kuti ndilankhule nanu inu anzanga osunga maloja a m'midzi, chifukwa akuti ena mwa inu anthu ayamba kukuthawani ndipo simukudziwa chifukwa chake. Ine ndinathawidwapo. Ndinalandidwa makiyi, ndinamwa kachasu mpaka mwana wanga kundichoka. Ndikuuzani zonse mmene zinayendera, osabisa, kuti wina asadutsenso njira imeneyo.

Nkhondo inatithamangitsa monga inathamangitsira ambiri a inu. Mwamuna wanga anafera panjira, sindinaone ngakhale pomwe anamuika. Ndinawoloka mtsinje wa Ruo mwana ali kumsana, n'kukafikira kukampu ku Malawi. Popeza ndinkatha kuwerenga pang'ono ndiponso sindinkaopa anthu, anandiika m'gulu logawa chakudya. Zaka zonse za kumeneko ndinazithera kuseri kwa matumba, chitini chili m'manja. Ufa, nandolo, mchere, mafuta. Munthu ankabwera ndi khadi lake, ine kuthira, kenako kukuwa kuti, “Wotsatira!” Wina akati ufawu wafumbwa, yankho linali limodzi: “Ngati simukuufuna usiyeni, mnzanu ali kumbuyoko.” Ndipo mnzakeyo analipodi. Mzere unkayambira pamatumba mpaka kukafika kumsewu.

Mtendere utabwera tinabwerera kwathu. Nyumba tinazipeza zili mabwinja, minda ili tchire. Mabanja angapo tinakhala pansi n'kugwirizana kuti tikhale ndi loja yathuyathu, tileke kuwoloka malire chifukwa cha bokosi limodzi la machesi. Wina anasonkha chimanga, wina nkhuku, wina malata awiri amene anabwera nawo kuchokera kukampu. Njerwa tinaumba tokha. Pofika posankha wogulitsa, a Benedito, amene anali mkulu wa kooperativa, anaimirira n'kuti, “Mayi a Luwiza anagwira katundu wambiri kukampu, koma sitinamvepo kuti atenga ngakhale supuni imodzi.” Anthu anawomba m'manja. Zinali zoona, sindinabepo. Koma ndikuuzeni lero, munthu ukhoza kukhala wosaba, n'kuphabe loja.

Miyezi yoyamba anthu ankadzaza, chifukwa kunalibe kwina kogula. Ine n'kumadziona katswiri. Ndinkatsegula dzuwa litakwera, anthu onse ali kumunda. Masana ndinkatseka kuti ndikadye. Madzulo anthu akamaweruka, ine ndinali nditakhoma kale. Mayi akabwera kuti ndimuthirire mafuta ophikira a masupuni awiri, ndinkati, “Kuno si pamsika, tengani botolo lonse kapena musiye.” Katundu yense ankakhala m'chipinda chimodzi. Mgolo wa palafini unatsamira matumba a shuga ndi ufa wa tirigu. Ndinkathira palafini, kupukuta manja pachitenje, manja omwewo n'kutapa shuga.

Anthu sanakhale chete ayi. Ankandiuza. Wina mwaulemu, wina moseka, wina mokalipa. A Benedito anagula kope n'kulipachika ndi chingwe pakhomo kuti aliyense wokhala ndi dandaulo azilembamo. Ambiri sankadziwa kulemba, ndipo ochepa amene analembamo sindinawerenge n'komwe zimene analemba. Mapepala ake ndinkang'amba n'kumakulungira mchere.

Panali mayi wina, a Anjelina, wamasiye ngati ine, amene ankakazinga mandasi pamalire n'kumagulitsa kwa apanjinga ndi onyamula katundu. Ana ake ankadya kuchokera m'chiwaya chimenecho. Tsiku lina anagula ufa ndi shuga kwa ine. Mawa lake chakumasana ndinawaona akulowa atasenza beseni lodzaza mandasi. Analitula patebulo langa.

“Mayi a Luwiza, talawani limodzi.”

“Ndilibe njala,” ndinatero.

“Lawani basi. Anthu alavula pamaso panga. Wina wandifunsa ngati ndikufuna kumuyatsa ngati nyali. Ufa wanu ndi shuga wanu zikununkha palafini.”

“Munanunkhiza pogula? Katundu akatuluka pakhomo apa sabwerera.”

“Sindinabwere kudzakangana nanu. Ndikungoti chotsani mgolowo pafupi ndi zakudya.”

Ndinakankhira beseni lija kumbali, n'kukweza mawu monga mwa chizolowezi: “Wotsatira!”

A Anjelina anacheuka. Nanenso ndinayang'ana. Kumbuyo kwawo kunalibe munthu aliyense, nkhuku yokha ikujompha pakhomo. Anasenza beseni lawo n'kutuluka.

Kuchokera pamenepo zinthu zinathamanga. Msewu unali utatseguka, amalonda ochokera ku Malawi atamanga timagolosale mumsika, maminibasi akuyenda. Eni ake a loja, anthu amene anaumba njerwa zake, ankadutsa pakhomo panga akupita kukagula kwina. Ufa unafumbwa, mafuta anayamba kuwawa, sopo anauma n'kung'aluka. Kenako anaitanitsa msonkhano pabwalo la loja. Anthu anaimirira mmodzimmodzi kunena zimene ndinawachita. Ine m'malo momvera ndinati, “Anthu osayamika inu! Kukampu munkadya kuchokera m'manja awa.” A Benedito anatambasula dzanja n'kuti, “Mayi, tipatseni makiyi.” Ndinawaponya pafumbi n'kuchoka.

Kachasu ndinamuyamba ndi kakapu kamodzi, ndimvekere mtima ukhale pansi. Posakhalitsa ndinkadzuka naye. Mbuzi inapita, zitenje zinapita, mpando wa mwamuna wanga umene ndinaupeza wosapsa m'bwinja unapitanso. Munda unabwerera kutchire. Luwiza anali atakula, msinkhu woti n'kuchita manyazi ndi mayi ake. Anamanga zovala zake n'kupita kwa azakhali ake, ndipo sindinamuletse chifukwa sindinkatha ngakhale kuima mowongoka. Lamlungu lina m'mawa ndinalowa m'tchalitchi nditaledzera, ndinakaima pakati pa kwaya n'kuyamba kuimba nyimbo yangayanga. Azimayi anandigwira mikono kunditulutsa. Ndinasanza pakhomo pa tchalitchi, ndinadzikodzera, anthu onse akuona. Amene mukuseka sekani, nanenso lero ndimatha kuseka. Koma tsiku limenelo ndinali munthu wotheratu.

Tsopano ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene panatembenukira moyo wanga.

M'nyumba munatha mchere. Kulowa mu loja yathu sindikanatha, manyazi. Mumsika aliyense ankandidziwa. Choncho ndinatenga kandalama kamodzi kamene kanatsala, n'kuyenda wapansi kuwoloka malire kupita ku Muloza. Inali nyengo ya dzinja, mvula itagwa masiku atatu otsatizana. Ndinalowa m'kagolosale kena kam'mbali mwa msewu. Wogulitsa anali mayi wachitsikana, wamng'ono kwa ine, dzina lake sindilidziwa mpaka lero. Anandikulungira mchere, ndinatuluka.

Nditayenda pang'ono ndinamva pepala lanyowa m'manja. Kutsegula, mchere uli tepetepe ngati phala, ukudontha. Ndinaima pamsewu paja nthawi yaitali. Kubwerera ndinkaopa. Yankho lake ndinkalidziwa bwino, popeza mwini wake wa yankholo ndinali ine. Komanso ndani angamvere munthu wopanda nsapato, wonunkha kachasu wa dzulo? Koma ndalama ina ndinalibe, ndipo ndiwo zopanda mchere zinali zitandikwana. Ndinabwerera.

Ndinapeza akugulitsa anthu ena awiri. Ndinaima pakona, mawu anga aakulu aja atathawa. Ndinangonong'ona kuti, “Mayi, mcherewu wanyowa.”

Ndinayembekeza kuti andiuza kuti nditulukemo. Iye anasiya zimene ankachita.

“Wanyowa? Tabweretsani ndione.”

Anaugwira ndi zala. Anapita pathumba, n'kupisa mkono mpaka m'chigongono. Anautulutsa uli chonyowa. Kenako anayang'ana kudenga.

“Mayo ine! Lata likudontha pomwepa!” Anatembenukira kwa ine. “Mayi, mwandithandiza kwambiri. Chiyambire m'mawa ndagulitsa mchere umenewu kwa anthu angapo, palibe wandiuza. Amenewo sabweranso, akangouzana kumudzi kuti ndimagulitsa madzi. Inu nokha ndi amene mwandikonda.”

Anakokera thumba lija pouma, anatsegula lina latsopano, n'kundikulungira mchere wouma. Ataona kuti ndatopa anandikhazika pabenchi, n'kundipatsa madzi akumwa. Potsazikana anati, “Tsiku lina mukadzaonanso china cholakwika, musadzachite manyazi, mudzandiuze.”

Abale anga, ine ndapirira zambiri. Mfuti ndinazimva, njala ndinaiona. Koma pabenchi paja ndinalira ngati mwana, mayi uja mpaka kudabwa kuti mchere ungaliritse munthu chotere. Sankadziwa kuti ndikulirira anthu onse amene anabwera kwa ine monga ndinabwerera kwa iye, akuopa, atasonkhanitsa mphamvu kuti andiuze chimene chikupha loja yathu, ine n'kuwathamangitsa. Anthu aja sankandida. Ondida anali chete, anangosiya kubwera.

Pobwerera sindinakhotere kwa mayi wotcheza kachasu amene ndinkagulako. Ndinalunjika pamalire pomwe a Anjelina ankakazinga mandasi. Anandiona ndikubwera, sanadzutse mutu.

“A Anjelina, ndabwera kuti mundiuze.”

“Ndikuuzeni chiyani?”

“Zonse zimene ndinakana kumva.”

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. “Mwamwa?”

“Dzulo. Lero ayi.”

“Mubwere mawa musanamwe.”

Mawa lake ndinapita, anati atanganidwa. Mkuja ndinapitanso, anati mafuta akupserera. Tsiku lachitatu anandiloza mwala kuti ndikhalepo. Anayamba ndi palafini, anabwera pa nthawi yotsegulira, pa mafuta, pa nkhope yanga yomwe ankati munthu akaiona amaiwala chimene wadzagula. Ine n'kumangomvetsera. Kenako anatsitsa chiwaya pamoto, n'kusintha kulankhula, kuyamba Chilomwe, monga amachitira munthu nkhani ikamufika pamtima.

Anati, “Inu simukundikumbukira, koma ine ndimakukumbukirani. Kukampu khadi langa linanyowa ndi mvula, zilembo n'kufufutika. Munandichotsa pamzere. Sabata imeneyo ana anga anadya masamba a chinangwa okhaokha. Ndinakukhululukirani, ndinati ndi nkhondo, nanunso munkangotsata lamulo. Koma loja ija njerwa zake ndinaumba nawo ndi manja awa. Munandichotsa pamzere m'nyumba yanga yomwe. Chimenecho n'chimene chinandiwawa, osati mandasi.”

Ndinagwada pafumbi pomwepo, apanjinga akuona. Iwo anati, “Dzukani, kugwada sikuchotsa mgolo wa palafini.”

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, chifukwa misozi yokha sikanandibweza.

Choyamba chinali kachasu. Musanamizidwe kuti amasiyika tsiku limodzi. Ndinapita kwa azimayi a kutchalitchi omwe aja ananditulutsa, n'kuwauza kuti ndekha sinditha. Anagawana masiku, wina kubwera kudzalima nane m'mawa, wina kudzakhala nane masana, nthawi imene khosi linkauma kwambiri. Ndinagwa kawiri. Kawiri konseko ndinakadziulula ndekha asanamve kwa ena. Njira yodutsa kwa mayi wotcheza uja ndinaisiyiratu, ndinkazungulira ngakhale kutalike.

Patapita miyezi ndinapita kwa a Benedito. Nthawi imeneyo loja ankatsegula mosinthana, lero uyu mawa uyo, ndipo ena ankanena zoti angogawana malata aiwaleko. Ndinati, “Bambo, sindinabwerere makiyi. Ndipatseni tsache.”

Iwo anati, “Tsache lili kuseri kwa chitseko.”

Ndinkasesa m'mawa uliwonse. Ndikatha kusesa ndinkayenda khomo ndi khomo kwa mabanja onse a kooperativa, funso langa limodzi lokha: “Munasiyiranji kugula kwathu?” Ndinadziikira lamulo loti munthu akamalankhula ndisayankhe mpaka atamaliza, ndipo akamaliza mawu anga oyamba akhale zikomo. N'zovuta, ndikuuzeni. Pakamwa pamayabwa. Ena ananditukwana, ena ananditsekera chitseko. Gogo wina anandisunga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akundiwerengera zolakwa zanga, zina zoti sindinachite n'komwe. Ndinathokoza basi.

Zimene ndinamva ndinapita nazo kumsonkhano, ndipo tinayamba kukonza chimodzichimodzi. Palafini tinamumangira kakhumbi kakekake panja, ndi beseni la madzi ndi sopo pomwepo. Wothira palafini sagwira chakudya asanasambe m'manja. Matumba tinawakweza pamitengo kuti asagunde pansi. Tinayamba kutsegula mbandakucha anthu asanapite kumunda, ndi madzulo akamaweruka, masana n'kupuma. Mafuta timathira ngakhale a kachitsekero ka botolo. Sopo timadula tizidutswa. Chinthu chikapezeka choipa, munthu amabweza, timusinthira popanda mafunso ambiri. Pakhomo tinaika benchi, chifukwa ndinaona kuti munthu akaimirira amangogula n'kupita, koma akakhala pansi amalankhula. Ndipo Loweruka lililonse pomaliza mwezi timakumana pabwalo, aliyense anene pakamwa chimene chamunyansa, wogulitsa ayankhe kuti dandaulo la mwezi watha analichita chiyani.

Mfundo yomalizayi muigwire. Kufunsa anthu kenako osachitapo kanthu n'koipa kuposa kusafunsa. Ngati chinthu sichingatheke, auzeni zoona. Anthu ankadandaula kuti shuga wathu ndi wodula kuposa wa ku Muloza. Tinawafotokozera poyera za mtengo wonyamulira ndi za pamalire. Ena anamvetsa, ena amakagulabe kutsidya, ndipo sitikwiya nawo. Komanso si dandaulo lililonse limene ndi lolondola. Bambo wina anabwera akukalipa kuti machesi athu sayaka. Ndinamumvera mpaka anamaliza, kenako ndinamufunsa mofatsa kuti anawasunga pati. Anali atawaika m'thumba la malaya n'kuwoloka nawo mtsinje. Anayamba kuseka yekha. Ndikanamudula pakamwa, bwenzi lero akuuzabe anthu kuti timagulitsa machesi akufa.

Anthu anayamba kubwerera, osati tsiku limodzi, koma mmodzi lero, awiri sabata yamawa. Titakolola, pamsonkhano, a Benedito anafunsa kuti makiyi apatsidwe kwa yani. Ine ndinali kumbuyo, tsache lili pambali. Amene anaimirira anali a Anjelina. Anati, “Apatseni mayi a Luwiza. Akayambiranso, ine ndemwe ndidzawalanda.” Anthu anaseka, koma anavomereza. Chaka chomwecho Luwiza anabwerera kunyumba. Anangolowa n'kufunsa kuti ndowa ili kuti akatunge madzi.

Lero loja yathu ili ndi chipinda chachiwiri, ndipo anthu a kutsidya nawonso amawoloka kudzagula mpunga ndi nyemba kwa ife. Sindinamwenso. Ndimayamika Mulungu, ndimayamikanso anthu amene sanatope kundiuza zoona. Sindikunena kuti ndasanduka mngelo. Nkhope yangayi ndi yomweyi, ndipo masiku ena ndimatopa. Koma ntchito yanga tsopano ndikuidziwa, ndipo ndikhoza kuima pamaso pa aliyense wa inu n'kunena molimba mtima kuti loja yakufa imadzuka. Ndinaiona ndi maso angawa.

Tsono inu amene mwati anthu akukuthawani, musadikire msonkhano woti akulandeni makiyi. Aliyense wa inu ali ndi munthu amene ankabwera tsiku ndi tsiku, n'kusiya mwadzidzidzi. Dzina lake mukulidziwa. Ndikuona ena mwaweramitsa mitu, ndiye kuti mwamukumbukira. Mawa, musanatsegule, pitani kwawo. Musatenge mphatso, musakonzekere zodziteteza. Mukafike, mupereke moni, mukhale pansi, mufunse kuti, “Ndinakulakwirani chiyani?” Kenako mutseke pakamwa mpaka amalize.

Zanga ndi zomwezo. Amene akufuna kundifunsa zimene sangafunse pagulu, za kachasu kapena za china chilichonse, andipeza panja pano. Sindifulumira.